Galu woyamwitsa wawonda kwambiri, ndimudyetse chani?

Mayi a Tadala, Kamwendo:
Mwaswera bwanji nonse pagulu pano. Ndithandizeni maganizo, galu wanga wamkazi anaswa ana 6 mwezi wathawu ndiye panopa wawonda zomvetsa chisoni, nthiti zonse zili poyera ubweya ukuthothoka pamsana. Kudya amadya ndithu, m'mawa mkute madzulo nkhoko ndi nsima yotsala koma sakusintha. Ndiye pali munthu wina kuno akugulitsa motchipa chimanga chija anasankha pokolola, chowola pang'ono, ndimaganiza ndigule ndowa ziwiri ndikagayitse mgaiwa wake wake azidya mokhuta. Zili bho kapena? Komanso tianato tiyambe liti kudya tokha

Alick wa ku Mkanda:
Gulani mayi galu sasankha, bola m'mimba mwadzadza basi

Nabanda wa mtedza:
Ayi ayi achimwene musawasokoneze. Mayi a Tadala chonde chimanga chimenecho chisiyeni. Ine geni yanga ndi ya mtedza, kugula kusankha kugulitsa, ndiye nkhani ya chuku ndakhala ndikuimva m'maphunziro a NASFAM kangapo konse. Chimanga kapena mtedza ukagwira chinyezi nkumera nkhungu zija zobiriwira kapena zakuda, nkhunguzo zimatulutsa poizoni ndipo poizoni wake sapsa pamoto, kaya phala libwate bwanji kaya nsima muyivundikire mpaka liti amakhala ali momwemo. Amakawononga chiwindi. Nchifukwa chake amatiletsa kuwaza madzi mtedza pofuna kuswa, amatiuza tiziyanika mounjika makoko ali m'kati mpweya ukudutsa. Ndiye chimene tachisankha kuti ana athu asadye tikapatse galu, woyamwitsanso?

Joe wa pa boda:
Asisi akunena zoona. Ine ndimawoloka pa Mwami kupita ku Chipata pafupipafupi, mu 2024 muja nkhani imeneyi inali mkamwamkamwa ku Zambia konse. Nduna yawo ya zaumoyo ya nthawi imeneyo a Elijah Muchima analengeza mu Ogasiti kuti agalu pafupifupi 400 afa chifukwa cha chuku wa m'chimanga, mpaka ufa wina unachotsedwa m'mashopu. Anthu anachita mantha chifukwa chimanga chomwe chinapha agalucho ndi chomwenso anthu amadya. Agalu ndi amene anayamba kuonetsa chifukwa chiwindi chawo sichipirira chuku

Alick wa ku Mkanda:
Aaa ine ndimaona ngati chuku ndi za mtedza wopita kunja basi

aPhiri a ziweto:
Ayi aAlick, chimanga, mtedza, ngakhale madeya amene akhalitsa pachinyezi. Galu amene wadya chuku amayamba kukana chakudya, kusanza, kufooka, kenako mukamutsegula mlomo nkhama zimaoneka zachikasu, m'maso namonso chikasu, ena amanyera magazi. Pofika pamenepo ngakhale mutithamangire sipakhala zambiri zoti tichite, palibe jakisoni wochotsa poizoniyo. Ambiri mumati galu wanga amupatsa tameki anthu oyipa, koma nthawi zina wakupha galuyo amakhala thumba la madeya lija lili pakona m'khitchini. Lamulo langa ndi losavuta, nunkhizani. Ngati akununkha chivundi, agwirana zibuluma, musapatse galu, nkhumba kapena nkhuku. Kwirirani.

Gogo Zulu, Kapiri:
Ana anga ndakhala ndikuwerenga. Ine agalu ndaweta kuyambira nthawi ya Kamuzu, ndinali nawo ambiri tinkapita nawo ku uzimba mpaka kumapiri uko. Palibe tsiku tinawaphikira mphika wawo. Nkhoko basi, ndipo anali amphamvu othamanga kugwira kalulu ali pa liwiro. Lero mukuti galu aphikiridwe zapadera pamene anthu enieni ufa ukuvuta. Galu wamkota sakandira pachabe, mundimvere.

aPhiri a ziweto:
Agogo takumvani ndipo sindikutsutsani kuti agalu anu anali amphamvu. Koma ndifunse mwaulemu, mukapha kalulu kapena gwape zam'kati ankadya ndani?

Gogo Zulu, Kapiri:
Agalu. Matumbo, mapapo, mutu wa kalulu zinali zawo, ukapanda kumupatsa mawa sakusakira. Ndipo okha ankagwira mbewa m'mizere ndi ziwala, nthawi ya ngumbi ankakhuta mpaka kugona

aPhiri a ziweto:
Ndi pomwepo agogo. Ndiye kuti agalu anu sankakhalira nsima yokha, nyama ankaidya mwina kuposa ana a pakhomo. Lero tchire lija ndi minda ya fodya, soya ndi mtedza, galu wa pa Kamwendo kapena pa Boma ali mumpanda, amene amadya ndi chokhacho chimene mwini wake waika m'mbale. Nsima imapatsa mphamvu yoyendera koma simanga thupi. Galu wa mayi a Tadala akupanga mkaka wa ana 6 tsiku ndi tsiku, mkaka umafuna zomanga thupi ndi kashiyamu, akapanda kuzipeza m'mbale thupi limatenga mumnofu wake ndi m'mafupa ake. Nchifukwa chake akudya koma akutha. Galu woyamwitsa pa sabata yachitatu ndi yachinayi amafuna chakudya chochuluka kawiri kapena katatu kuposa masiku onse.

Mayi a Tadala, Kamwendo:
Nde ndipange bwanji aPhiri, nyama ya ku butchala ine sindingakwanitse ngakhale ife timaiona mwa apo ndi apo

aPhiri a ziweto:
Sizikufunika nyama ya pa sikelo mayi. Kuno ku Mchinji soya tili naye. Mukazingeni bwinobwino mpaka asiye fungo lauwisi lija, soya wosapsa amatsegula m'mimba ndipo thupi silimugwiritsa ntchito. Mukagayitse. Pophika muike makapu 3 a mgaiwa wabwino, kapu 1 ya ufa wa soya, muthiremo usipa kapena bonya wodzadza dzanja, likhale phala lolimba. Mgaiwa ndi wabwino kuposa ufa woyera chifukwa zonse za m'chimanga zilimo. Masamba a nkhwani kapena chisoso odula, maungu, mbatata yophika, zonsezi zimalowa. Dzira lophika likapezeka mumpatse, makoko akewo muwawiritse muumike musinje akhale ufa muzithira pang'ono, ndiye kashiyamu ameneyo. Mchere musathire. Adye katatu kapena kanayi pa tsiku mpaka ana aleke kuyamwa, ndipo madzi asamathe m'mbale, woyamwitsa amamwa kwambiri.

Esnart wa pa msika:
Ndionjezere pa usipa, musagule wa pa mulu ndi wodula. Pitani kwa ogulitsa madzulo muwafunse fumbi lija limatsala pansi pa thumba, timitu ndi tizidutswa, amagulitsa motchipa ena amangokupatsani mukazolowerana. Mungopeta kuchotsa mchenga. Ukakhala wa mchere muutsuke kaye. Kwa okupha nkhuku nakonso mitu, zipalapasiro ndi matumbo zimapezeka, ine ndimawiritsa nkuthira msuzi wakewo m'phala agalu anga amanyambita mbale mpaka kuikankhira kumpanda

Mada Jere:
Nanga mafupa? Kwathu fupa lililonse timaponyera galu

aPhiri a ziweto:
Mafupa a nkhuku ophika kapena ootcha, makamaka a ntchafu aja, amasweka mosongoka amatha kubaya kukhosi kapena matumbo. Fupa lalikulu la ng'ombe loti angokukuta osalimeza ndiye labwinoko. China chimene anthu sachiganizira ndi chitsononkho, nthawi ya mondokwa ana amataya paliponse galu nkumeza chidutswa, chimakatseka matumbo sichigayika, galu amangosanza osachita chimbudzi. Njere ya mango chimodzimodzi.

Ndiwo zotsala nazonso muzisamala. Anyezi ndi adyo zimawononga magazi a galu kaya zaziwisi kaya zokazinga, sizipha tsiku lomwelo koma mukamampatsa msuzi wa anyezi tsiku lililonse magazi amachepa. Chokoleti ayi ndithu.

Mayi a Tadala, Kamwendo:
Zikomo kwambiri, soya ndili naye wotsala pa mbewu ndiyamba mawa lomwe. Chimanga chija ndachisiya. Za tiana simunandiyankhe

Esnart wa pa msika:
Ngati takwana mwezi tiyambeni kale asisi, phala lomwelo koma lamadzimadzi usipa wosinja, muike m'mbale yosazama tizinyambita. Tikayamba kudya mayi wake amapumako. Koma musagawe msanga, anthu amabwera kudzapempha kagalu kali ndi masabata anayi kenako mumamva kuti kanafa. Tifike masabata 8

aPhiri a ziweto:
Eya masabata 8. Ndipo tiana timadya kanayi pa tsiku pang'onopang'ono, tikamakula katatu, galu wamkulu kawiri. Mkaka wa ng'ombe musadalire, agalu ambiri umawatsegula m'mimba. Chinthu chachikulu pa msinkhu umenewu ndi njoka zam'mimba. Tiana tambiri timabadwa nazo kale kuchokera kwa mayi, zina timayamwira mumkaka, mukaona kamimba kotupa kolimba koma miyendo yowonda ubweya wosasalala dziwani ndi zimenezo. Mankhwala amayamba pa masabata 2, kubwereza masabata awiri aliwonse mpaka miyezi 3, wamkulu miyezi itatu iliyonse. Mayi wakeyo mumwetsenso limodzi, mwina kuwondako njoka zikuthandizira. Mlingo umatengera kulemera kwa galu ndiye musangogula mapilisi nkuponya, funsani wa vetenale wa dera lanu. Ndipo ana anu azisamba m'manja akaseweretsa tiagalu, njoka zina zimalowa kwa anthu.

Chifundo wa ku Tembwe:
Pepani ndilowererepo, tiagalu tanga tatuluka timatuza thupi lonse makamaka kumimba ndi kumapazi, pakati pake pali kabowo ukafinya mukutuluka chinthu choyera chamoyo, ana akuopa ati talodzedwa

Nabanda wa mtedza:
Mphutsi zimenezo achemwali palibe ufiti. Zija zimatigwira anthu tikayanika zovala pansi nkuvala osasita

aPhiri a ziweto:
Zomwezo. Ntchentche yake imaikira mazira pa dothi la mchenga pamthunzi, makamaka pamene pali mkodzo kapena chimbudzi, ndiye kagalu kakagona pamenepo timphutsi timaboola khungu nkumakulira m'katimo. Pakani Vaseline pakabowopo isowe mpweya, pakapita kanthawi finyani pang'onopang'ono ituluke yathunthu, ikaphulikira m'kati pamachita mafinya. Tsukani ndi madzi ofunda a mchere pang'ono. Koma mukapanda kusintha pogona zibweranso. Pogona pakhale pouma, pozira kapena pa simenti kapena pa matabwa, chiguduli muzichapa nkuyanika pa chingwe padzuwa, manyi muzikolopa tsiku lililonse. Nyengo ya mvula ndiye zimachuluka.

Alick wa ku Mkanda:
Za khunguzi ife timapaka oyilo wakuda wa injini, mphere zimatha nkhupakupa zimagwa zokha

Aphunzitsi Mwale:
Achimwene oyilo ameneyo ndi woipa, galu amadzinyambita ndiye zonse zija zimathera m'mimba, khungu limapsa, padzuwa la Okutobala galu wakuda ndi oyilo amavutika koopsa. Ndaonapo mwana wa sukulu akulira galu wake atafa pambuyo pomupaka zimenezi, anali atauzidwa ndi akuluakulu kuti ndi mankhwala

aPhiri a ziweto:
Aphunzitsi anena. Oyilo ayi, parafini ayi, mankhwala opopera thonje kapena fodya ayi, a makoswe musawayandikitse nkomwe. Mphere za agalu zili ndi mankhwala ake. Dibi wa ng'ombe ena amagwiritsa ntchito koma pali wina woti agalu amaloledwa pali wina ayi, ndipo kasungunulidwe kake nkosiyana, tiana tating'ono sitisambitsidwa dibi. Werengani pabotolo kapena mufunse, musayeze ndi maso.

Nkhupakupa musazione ngati zongoyamwa magazi basi, zimapatsira matenda amene amaswa magazi a galu. Galu amatentha thupi, kufooka, nkhama kuyera mbee, mkodzo wofiirira ngati tiyi wopanda mkaka. Amenewo amachizika mukafulumira. Muziyang'ana m'makutu, pakati pa zala ndi m'khosi, mukaipeza igwireni pafupi ndi khungu muzule mowongoka. Ndipo ndikupempheni nonse, galu akadwala musamupatse Panado kapena Brufen, mlingo wa munthu umawononga chiwindi ndi impso za galu. Kwa mphaka Panado ndiye imfa yeniyeni.

Aphunzitsi Mwale:
Poti tili pompano ndinene chimene chimandipweteka mtima. Pali chizolowezi chotsekera galu m'kakhola ka malata kotalika kufika m'bondo, usana wonse, opanda madzi, ati asamaone anthu kuti akhale wolusa. Ena amathira tsabola m'chakudya ena mpaka chamba. Ine ndimadutsa pakhomo pena popita kuntchito galu akulira m'katimo dzuwa lili pamutu, malata atentha osagwirika, ndimafika m'kalasi mtima uli kumeneko. Galu satuluka thukuta ngati ife, amadziziziritsa ndi kupuma wefuwefu lilime lili panja, ndiye m'kabokosi kotentha mopanda mpweya amatha kufa masana amodzi. Ndipo amene wapulumuka sakhala mlonda wabwino, amakhala wamantha woluma aliyense, tsiku akadzathawa woyamba kulumidwa ndi mwana wa pakhomo pomwepo kapena wa aneba.

Joe wa pa boda:
Koma aphunzitsi akuba nawonso avuta, galu wozolowera anthu amangogwedeza mchira

Aphunzitsi Mwale:
Ayi aJoe galu amalonda pakhomo pamene amapakonda. Wanga amasewera ndi ana masana, amagona pansi pa mtengo wa mango, koma usiku munthu angogwira geti mudzi wonse umadzuka. Ntchito ya galu ndi kukudzutsani osati kupha munthu. Ngati pali chifukwa chomutsekera masana, khola likhale lalikulu loti aimirire atembenuke ayendemo, la pamthunzi, denga la udzu kapena malata okwera, madzi alimo. Womanga pa tcheni, tcheni chikhale chachitali ndipo m'khosi mukhale lamba osati waya, ndaona agalu waya atalowa mumnofu

Gogo Zulu, Kapiri:
Apa aphunzitsi ndili nanu. Galu womangidwa sadziwa mwini wake. Ife galu tinkayenda naye kumunda, kudambo, ankadziwa mluzu wa mbuye wake pakati pa anthu ambiri. Za tsabolazi ndi zachibwana

Mada Jere:
Nanga zoti galu ukamudyetsa nyama yaiwisi amayamba kugwira nkhuku ndi mbuzi za eni ndi zoona?

Esnart wa pa msika:
Amene amagwira nkhuku kwambiri ndi wanjala ndi amene sanaletsedwe ali mwana. Anga anakulira limodzi ndi anapiye, kagalu kakathamangitsa nkhuku umakakalipira pomwepo kamamva. Koma nyama ndimaphika ndithu chifukwa cha njoka, makamaka zam'kati za nkhumba ndi mbuzi. Ndipo chiweto chofa chokha osadziwa chafa ndi chani osapatsa galu

Chifundo wa ku Tembwe:
Mphutsi ndachotsa zambiri tagona tsopano, zikomo. Funso lina, katemera wa chiwewe tiana timabayitsa tili ndi miyezi ingati? Kuno kwadutsa galu wachilendo sabata yatha amaluma chilichonse dovu lili chuchuchu, anyamata anamupha

aPhiri a ziweto:
Apa ndiye tiyime kaye. Mayi funsani mudzi wonse ngati pali munthu amene analumidwa kapena kukandidwa ndi galu ameneyo, ngakhale kabala kakang'ono, makamaka ana chifukwa amabisa poopa kukalipiridwa. Ngati alipo apite kuchipatala lero osati mawa, akanene kuti galuyo amaoneka wachiwewe. Chiwewe chikangoyamba kuonetsa zizindikiro mwa munthu sichichizika, koma katemera wa pambuyo polumidwa amateteza mukafulumira ndipo mumalize majakisoni onse. Anyamata amene anamupha ndi kumunyamula nawonso afunsidwe ngati dovu linawagwera pabala kapena m'maso. Agalu a m'mudzimo amene analumidwa akanenedwe ku ofesi ya vetenale msanga, asangosiyidwa akuyendayenda.

Kwa nonse, galu akakulumani choyamba tsukani balalo ndi sopo ndi madzi ambiri kwa mphindi 15, kenako kuchipatala. Osathira dothi, osapaka ubweya wa galu wootcha, osamanga. Galu wa pakhomo akaluma munthu musamuphe, mutsekereni bwino mukumupatsa chakudya ndi madzi aonedwe masiku 10, koma wolumidwayo asadikire masiku amenewo kunyumba.

Katemera timabaya kuyambira miyezi 3 ndipo kuno timabwereza chaka chilichonse, pa kampeni ngakhale tiana tochepera apo timabaya. Akatswiri amati agalu 70 mwa 100 aliwonse a m'dera akabayidwa matendawa amasiya kufalikira, ndi zimene a bungwe lolimbana ndi chiwewe la Mission Rabies akhala akuchita ku Blantyre kuyambira 2015. Pa 28 Sepitembala ndi tsiku lokumbukira za chiwewe dziko lonse lapansi, nthawi ngati imeneyo muzitchera khutu za katemera. Kapepala ka katemera muzisunga.

Chifundo wa ku Tembwe:
Mayo ine, pali kamnyamata ka achimwene anga kanakandidwa pamwendo, amati ndi pang'ono. Ndikupita komweko pompano

Nabanda wa mtedza:
Thamangani achemwali, ngati transipoti yavuta nenani pagulu pano tisonkherane

Joe wa pa boda:
Ndili ndi njinga yamoto ndili pa Boma, mundiuze ku inbox ndibwere

Mayi a Tadala, Kamwendo:
Mulungu akutsogolereni mayi. aPhiri ndifunsenso, pali matenda aja tiagalu timasanza ndi kutsegula magazi onunkha kwambiri nkufa tonse motsatizana, anapha ta aneba chaka chatha, katemera wa chiwewe amatetezanso amenewo?

aPhiri a ziweto:
Ayi ameneyo ndi parvo, katemera wake ndi wina. Amayamba pa masabata 6 mpaka 8, kubwereza pakapita masabata atatu kapena anayi mpaka kagalu kafike miyezi 4. Kachilombo kake kamakhala m'dothi miyezi yambiri mwina kupitirira chaka, ndiye tiana tanu tisapite pakhomo pa anebawo, ndipo obwera kudzasankha kagalu asamangotigwiragwira. Katemera wa parvoyu ndi wogula, saperekedwa pa kampeni ya chiwewe.

Ndipo mukaona kuti galuyu kubereka kukumutha mphamvu, pali opaleshoni yotseka. Galu amatenga bere masiku pafupifupi 63 ndipo amatha kuswa kawiri pa chaka, pakhomo pamodzi simungakwanitse kudyetsa onsewo. A bungwe loteteza ndi kusamalira zinyama la LSPCA ku Lilongwe amapanga zimenezi, amphongo nawonso amafulidwa amasiya kuyendayenda usiku kukamenyana.

Alick wa ku Mkanda:
Wofula salusa koma

Aphunzitsi Mwale:
Amauwa bwinobwino achimwene, kusiyana kwake amagona pakhomo osati kutsatira zazikazi midzi itatu

Esnart wa pa msika:
Za parvo zi bwanji amene tili ndi tiagalu tigwirizane, tisonkhe tiitanitse katemera limodzi kuchokera ku Lilongwe wa vetenale adzabaye tsiku limodzi. Ine ndili nato 4, mayi a Tadala 6, a ku Tembwe sindikudziwa

aPhiri a ziweto:
Zotheka, lembani mayina ndi nambala ya tiagalu ndi masabata ake. Koma wokatengayo apite ndi kabokosi ka ayezi, katemera akatentha m'minibasi amafa mphamvu mumangobaya madzi, ndipo akafika asungidwe mufiliji osati mufiriza. Tiana timwe kaye mankhwala a njoka sabata imodzi tisanabayidwe, ndipo kamene kakudwala tsikulo sitibaya.

Mada Jere:
Ndilembeniponso 3, tili ndi masabata 5. Ndili ku Waliranji